Ntchito ya Malemu Kamtedza

"Nanga apa pa ntchito tinena kuti chiyani, alamu?"

A Petro anafunsa ali pa mpando wa pulasitiki, magalasi atatsetserekera kumphuno. Ankakonza mbiri ya malemu mng'ono wawo, Davide Kamtedza, yoti akaiwerenge pa Misa ya Lachinayi thupi lisanakwere ndege kupita kwawo ku Ntcheu. Za kubadwa anali atathana nazo, za ubatizo ndi ukwati chimodzimodzi. Atafika pa ntchito, cholembera chinaima.

Immaculata, mkazi wa malemuyo, anali pansi pa matiresi atatsamira khoma. Masofa anali atawatulutsira pakhonde monga timachitira kwathu pa maliro, ngakhale kuti khonde la fulati ya ku Kilimani, mu Nairobi, ndi kakhonde kongoyanikapo zovala. Funso la alamu akelo analimva bwinobwino, koma anangoyang'ana zala zake.

"Anali woyimba," anayankha Tamanda, mwana yekhayo wa malemuyo, ataima pakhomo la kukhitchini ndi thireyi ya makapu.

"Sindinafunse iwe, mwana wanga."

"Koma ndi zoona, bambo aakulu. Adadi anali bassist. Session musician. Nairobi yonse ikudziwa."

"Nairobi yonse ikudziwa, koma agogo ako ku Ntcheu sakudziwa," anatero a Petro akuvula magalasi. "Mbiri yomweyi ndikaiwerenganso kumanda. Ukufuna ndikaime pamaso pa ansembe ndi mudzi wonse, ndinene kuti mwana wa akatekisi anathera moyo wake kuliza gitala m'mabala?"

"Osati m'mabala. M'situdiyo."

"Kwa ine ndi chimodzimodzi."

Tamanda anayang'ana mayi ake. Immaculata anamva maso a mwanayo akumuotcha kumutu, koma sanadzutse nkhope, chifukwa bodza limene a Petro ankafuna kulembalo mwini wake anali iyeyo.

Linayamba ngati nthabwala zaka zambiri zapitazo. Immaculata ndiye anapeza ntchito ku bungwe lina la mpingo ku Nairobi, Davide n'kumutsatira ndi kachikwama ka zovala ndi gitala yake ya besi. Tsono Amalawi a ku Nairobi mukuwadziwa: asanakufunse kuti wadzuka bwanji amayamba akufunsa kuti uli bungwe liti. Tsiku lina atatuluka m'tchalitchi mayi wina wa galimoto lalikulu anafunsa za Davide, ndipo Immaculata anangoti, "Ali pa kampani ina ku Industrial Area." Sanali kunama kwenikweni, pakuti situdiyoyo inalidi ku Industrial Area, pakati pa nyumba yosungiramo matayala ndi shedi ya owotcherera zitsulo. Davide anamva, anangomwetulira, sanatsutse. Nkhaniyo inakula yokha. Ena ankati ndi wowerengera ndalama, mpaka chaka china anafuna kumusankha kukhala msungichuma wa mphakati. Anakana mwaulemu, nati masamu ndi iye sankamwerana madzi.

Ntchito yake yeniyeni inali iyi: woyimba akakhala ndi nyimbo koma alibe bandi, amapita ku situdiyo, ndipo a situdiyo amaitana anthu odziwa zida kuti adzamuyimbire. Davide ankapita, n'kuliza besi, n'kubwerako. Nyimbo ikatuluka, dzina ndi nkhope zinkakhala za mwini nyimbo. Anthu a mu Nairobi anamumva Davide m'maminibasi aja amati matatu, m'maukwati, m'nyimbo zauzimu, ngakhale m'malonda a sopo a pa wailesi, koma panalibe chimbale n'chimodzi chomwe chimene chinali ndi dzina lake.

Chaka chino zinayenera kusintha. Roy, woyimba ng'oma amenenso anali mwini situdiyo, anasonkhanitsa akatswiri anzake a ntchito yomweyi, anthu oti oyimba otchuka amachita kuwalimbirana, nati kamodzi kokha ajambule chimbale chawochawo. Anasankha nyimbo zakale za R&B, zija zachikondi zoyenda pang'onopang'ono, kuti aziyimbe mwa roko yaukali, magitala akulira ngati akupsa. Loweruka masana, chimbale chitasindikizidwa kale, akuyeserera nyimbozo ku situdiyo, Davide anakhala pansi nati mutu ukumupweteka. Pofika kuchipatala n'kuti zitatha kale.

"This time dzina lawo lili pachikuto," anatero Tamanda. "Anandiuza okha. Anati, 'Tama, uwerenga dzina la bambo ako.' Ndiye inu mukufuna muwakwirire ngati kalaliki wa matayala?"

A Petro sanali munthu woipa. Anali mphunzitsi wopuma pa ntchito, munthu wokhulupirira kuti chinthu chimakhala choona chikalembedwa. Anapukuta magalasi ndi nsonga ya jekete.

"Chabwino," anatero. "Munthu wogwira ntchito yolemekezeka amakhala ndi dzina penapake. Ndibweretsereni chimbalecho. Ndikaona dzina la Kamtedza ndi maso angawa, ndinena kuti anali woyimba, kuno ndi kumudzi komwe. Ndikapanda kuliona, ndiwerenga zimene alamu akhala akuuza anthu."

"Ndipita kukatenga," anatero Tamanda.

"Tipitira limodzi," anatero Immaculata.

Amayi a mphakati amene anakhala naye pamatiresipo anayang'anana. Namfedwa satuluka maliro ali m'nyumba, ndipo mmodzi wa iwo anamugwira mkono n'kumunong'oneza zomwezo. Immaculata anachotsa dzanjalo mwaulemu nayamba kufunafuna nsapato zake pa mulu wa nsapato umene unali pakhomo. Pa zaka zonsezi anali asanapondeko kumene mwamuna wake ankagwira ntchito, ndipo zimenezi zinkamuluma kuposa manong'onong'o a amayiwo.

Takisi inakwawa m'jamu ya magalimoto pa Ngong Road, kenako inalowa m'misewu ya fumbi ndi malole. Tamanda ankalozera dalaivala njira m'Chiswahili chothamanga chimene mayi ake sanachizolowerebe. Mwanayo ankadziwa pokhotera paliponse, ankadziwa ngakhale dzenje loti alizembe. Immaculata anazindikira kuti mwana wake wakhala akubwera kuno kawirikawiri, ndipo palibe amene anaona kufunika komuuza.

Chitseko chinali chachitsulo, chopanda chikwangwani. Anatsegula Roy mwini wake, bambo wamtali wa tsitsi lopota lomera imvi. Ataona Tamanda anamukumbatira. Ataona mayi wa chitenje ndi duku kumbuyo kwake anabwerera m'mbuyo pang'ono, navula chipewa.

"Mama Tamanda? Pole sana, mama. Pole sana." Ankamupepesa m'Chiswahili chosakaniza ndi Chingelezi, pang'onopang'ono kuti amve. "Tinkaganiza kuti sitidzakuonani. Karibu."

M'katimo munali mdima pang'ono, makoma atakutidwa ndi nsalu zochindikala, zingwe zili mbwee pansi. Mayi wina wonenepa anadzuka pa benchi n'kudzamugwira manja onse awiri. Ameneyu anali Rosina, wa ku Uganda, amene ankayimba mawu m'gululo. Pakona panali mpando wopanda munthu, ndipo gitala ya besi inali itatsamira sipika, lamba wake akulendewera. Immaculata anaidziwa. Anaiona komaliza zaka zambiri kumbuyoko, tsiku limene anapempha Davide kuti asamaisunge kunyumba chifukwa kunkabwera alendo a kutchalitchi.

"Sitinaikhudze," anatero Rosina. "Palibe amene walimba mtima."

"Ndamva kuti munamaliza chimbale," anatero Immaculata.

"Tinamaliza. Mukufuna kumva?"

Sanabwerere zimenezo, koma anavomera ndi mutu. Roy anamukhazika pa mpando pakati pa masipika awiri akuluakulu, nadina batani.

Phokoso lake linamumenya ngati chitseko. Gitala inkalira ngati makina odulira chitsulo a kushedi yoyandikana nayo ija, ng'oma zikugunda ngati munthu akugwetsa nyumba, Rosina akukuwa mpaka mawu kusasa. Immaculata anafuna kutseka makutu. Mumtima anati a Petro akanamva izi akanaitana ansembe kuti adzawaze madzi odalitsa. Koma mawu atafika pobwereza, khungu lake linachita tsembwe. Nyimboyo ankaidziwa. Inali ija anavina pa ukwati wawo mu holo ya parishi, pa kaseti yobwereka imene inkakoka mawu chifukwa mabatire anali akutha.

"Imeneyi anasankha ndi iye," anatero Roy mokweza. "Dikirani, mumumve yekha."

Anatsitsa timabatani tingapo. Gitala yolira ija inazimiririka, ng'oma zinazimiririka, Rosina anazimiririka. Panatsala mawu amodzi okha, akuya, oyenda mosapupuluma. Sankamveka kwambiri m'makutu, ankamveka m'chifuwa ndi m'mimba. Pansi pa chipwirikiti chonse chija, Davide ankayimba nyimboyo monga inalili kale, pa liwiro lomwe lija la mu holo ya parishi. Pena zala zake zinkamveka zikukhula zingwe. Pena ankamveka akupuma.

"Ife tonse timathamanga ngati amisala," anatero Roy. "Iye ndi amene ankatigwira malaya kuti tisagwere kuphompho. Mukamuchotsa, chatsalacho ndi phokoso chabe."

Immaculata analira. Chimwalirire mwamuna wake anali akulira monga namfedwa amayenera kulirira, anthu akamalowa. Apa analira kulira kwina, konyansa, kotuluka ndi mamina, chifukwa anazindikira kuti munthu anagona naye chipinda chimodzi zaka zonsezi anali katswiri, ndipo iye yekha mu Nairobi monse ndi amene sanafune kumva. Tamanda anamusiya alire. Nyimbo itatha mwanayo anatembenukira kwa Roy.

"Uncle Roy, tabwerera CD. Tikufuna tikawaonetse bambo aakulu dzina la adadi."

Roy anayang'ana Rosina. Rosina anayang'ana pansi. Kenako Roy anapita pa mulu wa makatoni umene unali pafupi ndi chitseko, natulutsa chimbale chimodzi, napatsa Immaculata osati Tamanda.

Pachikuto panali anthu asanu ataima pakhoma la njerwa. Anayi ankayang'ana kutsogolo, nkhope zili gwa monga amachitira anthu a magitala. Wachisanu anafulatira, kumangooneka msana ndi khosi la gitala likutulukira paphewa. Immaculata anatembenuza chimbalecho. Panali dzina la Roy, la Rosina, la Edmond wa gitala, la Kenny wa kiyibodi. Pa besi panangolembedwa kuti mnzathu.

Tamanda anachilanda. Anachitembenuza uku ndi uku, anachitsegula, anasolola kapepala ka m'kati.

"What is this? Munawachotsa? Munthu wangomwalira kumene, inu n'kumuchotsa?"

"Sitinamuchotse ife, mwanangu," anatero Roy. "Anakana yekha."

"Bodza! Anandiuza okha kuti dzina lawo lilipo!"

"Linalipo. Osindikiza atabweretsa chikuto choyamba choti tione, dzina lake linali pamwamba pa onse, chifukwa ndiye anali wamkulu wathu. Anachitenga n'kukhala nacho pa mpando uwo nthawi yaitali, akungochisisita ndi chala. Anaseka ngati mwana. Mawa lake anabwera n'kunena kuti tilichotse, chithunzinso tijambule china." Roy anayang'ana mpando uja. "Tinakangana mpaka ndinamutukwana. Ndinati, Davide, moyo wako wonse wayimbira anthu osadziwa n'komwe kugwira gitala, lero ukukana dzina lako? Anandiyankha kuti, 'Roy, dzinali si langa ndekha. Akazi anga amapita nalo kuofesi, amapita nalo ku Misa. Nyimbo zathuzi ndi zaphokoso. Ndisawavutitse.'"

Kunja kunkamveka lole ikubwerera m'mbuyo.

"Bwezeranipo," anatero Immaculata. Mawu ake anatuluka aang'ono. "Ndine mkazi wake. Ndikuti bwezeranipo."

"Mama, makatoni enawo anapita kale, ndipo pa intaneti chinatuluka momwemu. Komanso ngakhale zikanatheka, munthu anatiuza ndi pakamwa pake. Tikamufunsenso kuti?"

Pobwerera Tamanda anakhala kutsogolo ndi dalaivala. Sanalozerenso njira. Atafika pafupi ndi kwawo, galimoto itaima pa jamu, anayankhula osatembenuka.

"Mwapambana, amami."

Immaculata anayang'ana kunja pa windo. Mwanayo sanalakwitse.

A Petro analandira chimbalecho ndi manja awiri, navala magalasi, nayenda ndi chala pa dzina lililonse monga ankachitira ndi mayeso a ana. Anafika pansi, nabwereranso pamwamba.

"Palibe Kamtedza apa."

"Uyo wafulatirayo ndi iyeyo, alamu," anatero Immaculata atagwada pafupi ndi mpando wawo. "Msana umenewo ndikuudziwa. Ndamumva akuyimba lero. Nenani zoona, ndapota nanu. Ndine ndinayamba bodzali, musalipitirize chifukwa cha ine."

"Alamu, msana sindingauwerenge pa maliro." Sanakalipe, anayankhula mofatsa ndithu. "Ndinati ndikaona dzina. Tsono mwana uyu akuti mwini wake ndiye analichotsa. Ngati Davide sanafune kuti dzina la bambo athu likhale pa zinthu zimenezi, ine ndine yani kuti ndikalimatepo iye atagona? Anadziwa chimene ankachita. Tiyeni timulemekeze."

"Sanachite manyazi ndi ntchito yake. Anachitira ine."

"Ndiye anakuchitirani zabwino. Landirani."

Anamubwezera chimbalecho, natenga cholembera. Immaculata anamva kukanda kwake papepala. Anayang'ana uku ndi uku kufuna womuthandiza, koma amayi a mphakati anali atayamba kale nyimbo ya maliro, ndipo Tamanda anali atadzitsekera kuchipinda.

Lachinayi tchalitchi chinadzaza ndithu. Amalawi a ku Nairobi pa maliro sagona, anabwera ndi magalimoto awo a mabungwe mpaka malo oimikapo kuchepa. Immaculata anakhala kutsogolo pakati pa amayi awiri omugwirizira. Namfedwa sayankhula pa mwambo, amangomva zimene ena akunena za mwamuna wake. A Petro anaima pa guwa, nakonza maikolofoni, nawerenga bwino lomwe, mawu onse omveka.

"Malemu Davide Kamtedza anagwira ntchito mokhulupirika kwa zaka zambiri pa kampani ina ku Industrial Area, kufikira tsiku limene Ambuye anawaitana ali pa ntchito pomwepo."

Anthu anagwedeza mitu. Wapampando wa Amalawi, poyankhula pambuyo pake, anadandaula kuti makampani a masiku ano alibe umunthu: munthu kuwagwirira ntchito mpaka kufera pomwepo, iwo osatumiza ngakhale nthumwi imodzi kapena nkhata ya maluwa. Mpingo unang'ung'udza movomereza. Immaculata anacheuka. Pa benchi yakumbuyo kwenikweni panakhala Roy, Rosina, Edmond ndi Kenny, atavala masuti osawakwana bwino, manja ali pamiyendo. Chichewa sankachimva, ndiye nawonso ankangogwedeza mitu mwaulemu. Tamanda anadzuka pakati pa mawu a wapampandowo, natuluka nsapato zikugogoda, osagwada n'komwe pa guwa.

Immaculata anafuna kuimirira. Anamva mawu akukwera kukhosi, miyendo inayamba kudzuka yokha. Amayi awiri aja anaganiza kuti akukomoka, anamukanikizira pa benchi mwachikondi, wina n'kumamupepesa, wina n'kumamukupiza ndi pulogalamu ya maliro. Kwaya inayamba nyimbo ya zopereka, ndipo mpata unatha pomwepo.

Misa itatha, bokosi likukwezedwa m'galimoto yopita ku bwalo la ndege, Rosina anadikira kuti mzere wa opepesa uchepe. Anafika ndi kanthu kokutidwa ndi pepala la pulasitiki, kali pa hang'ala.

"Mama, izi zinali kuseri kwa chitseko cha situdiyo. Gitala tidzabweretsa mukabwerako. Koma izi ndinati mwina mungazifune lero."

Immaculata anakweza pulasitikiyo. Anali malaya oyera a manja aatali, amene anawasita yekha Lachisanu lapitalo, ndi tayi yabuluu yokoleka pakhosi la hang'alayo, mfundo yake ili chimangire.

"Ankafika atavala zimenezi m'mawa uliwonse," anatero Rosina. "Akangolowa ankavula, n'kuzikoleka bwinobwino, n'kuvala sikipa yake yakuda. Tayiyo sankaimasula, ankangoikulitsa n'kuivulira kumutu, ankati kumanga sadziwa. Madzulo tikaweruka ankasamba m'manja ndi kumaso pa mpopi wa panja, n'kuvalanso. Ndiye ankabwera kwa ine n'kuima chilili ngati mwana wa sukulu, n'kufunsa kuti, 'Rosina, yawongoka?' Ndikati yawongoka, ndi pamene ankapita kukakwera matatu. Tinkamuseka. Iye ankati mlonda wa pageti panu ndi maneba amayenera kuona bambo akuchokera ku ntchito."

Kuseri kwa galimoto a Petro ankaitana kuti nthawi yatha, ndege sidikira munthu. Immaculata sanasunthe. Zaka zonsezi ankachapa malaya amenewa, akumayamikira mumtima kuti mwamuna wake ndi waukhondo, osadzifunsa kuti munthu wokhala tsiku lonse ku fumbi la Industrial Area amabwera bwanji osada. Anatembenuza kolala ndi chala chake. Inali yoyera ngati malayawo sanavalidwepo.